Kusaka mudzi wa a Wamigolo: mmene ntchito ikuyendera

Sabata yoyamba

Apongozi anga andipatsa chitini cha mabisiketi chomwe chakhala pamwamba pa kabati zaka zosawerengeka. Anangoti, "Inu ndi amene simutopa kufunsa za makolo, tengani muone." Mkati mwake muli zithunzi zopanda mayina kumbuyo, timakhadi tamaliro titatu ta m'Chijeremani, buku la mapemphero lothothoka chikuto, ndi kalata imodzi yomwe palibe aliyense wamoyo m'banjamo amene anatha kuiwerenga.

Zomwe banja limadziwa ndi zitatu basi. Agogo a agogo awo a apongozi anachokera ku Germany. Ankapanga migolo ku Cincinnati, m'chigawo cha Ohio ku America. Ndipo dzina lawo "linasinthidwa pa Ellis Island", chilumba cha ku New York pomwe ankalandirira obwera kudzakhala ku America. Dzina la banjali sindililemba pano popeza ambiri akadali moyo, choncho mkuluyu ndiziwatchula kuti a Wamigolo.

Chomwe ndikufuna ndi chimodzi: dzina la mudzi. Kunena kuti munthu anachokera ku Germany kuli ngati kuyankha kuti "kwathu ndi ku Malawi" pamene wakufunsayo akufuna mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Ndipotu chisanafike chaka cha 1871 kunalibe dziko limodzi lotchedwa Germany. Kunali Prussia, Bavaria, Hanover, Württemberg, Baden, Oldenburg ndi timaiko tina tambirimbiri, kalikonse ndi mfumu yake. Kaundula wa boma wa obadwa ndi omwalira anayamba mu 1874 ku Prussia, ndipo dziko lonse mu 1876. Amene anabadwa kale kuposa pamenepo, m'madera ambiri, amapezeka m'buku la ubatizo la parishi yawo yokha. Ukapanda kudziwa parishiyo, ulibe poyambira.

Sabata yachiwiri

Ndayamba ndi kalembera, kuchokera kwa amoyo kubwerera m'mbuyo. Ku America kalembera amachitika zaka khumi zilizonse, ndipo mapepala ake amatsegulidwa pakatha zaka 72. Wa 1950 anatsegulidwa mu Epulo 2022, ndipo apongozi ndawapezamo ali kamtsikana. Ataona dzina lawo pa kompyuta anaseka mpaka kupukuta misozi.

Kuchoka pamenepo ndatsika bwinobwino mpaka 1900. Wa 1890 palibe: mapepala ake ambiri anawonongeka ndi moto komanso madzi ozimitsira motowo m'nyumba ya boma ku Washington mu Januwale 1921. Ndadumpha zaka makumi awiri n'kutera pa 1880, pomwe kwa nthawi yoyamba alembi ankafunsa ubale wa munthu aliyense ndi mwini nyumba. A Wamigolo ali pamenepo, ntchito yawo yalembedwa, akazi awo alipo, ana ena akadali pakhomo.

Pa malo obadwira ndi pomwe mutu wayamba kuwawa. Mu 1850 mlembi analemba "Germany". Mu 1860, chaka chomwe alembi analamulidwa kutchula dera lenileni la Mjeremani aliyense, analemba "Oldenburg". Mu 1870 kwalembedwa "Hanover". Mu 1880 abwereranso ku "Oldenburg". Zaka zawo nazo sizikuyenda ndi khumi khumi. Sindikudabwa kwenikweni: mlembi akagogoda, amayankha ndi amene wapezeka pakhomo, mwina mwana, mwina woyandikana naye nyumba.

Koma chinthu chimodzi chatsimikizika. Ellis Island inatsegulidwa pa 1 Januwale 1892. Ngakhale Castle Garden, yomwe inkalandira alendo ku New York Ellis Island isanakhaleko, inayamba ntchitoyo mu 1855. A Wamigolo anali atakhazikika kale ku Cincinnati mu 1850. Ndiye kuti pa Ellis Island sanapondepo. Apongozi sindinawauze kaye. Nkhani yomwe munthu anaimva kwa bambo ake omwe anatisiya siigwetsedwa ngati chiswe cha pakhoma, makamaka ndi mtengwa.

Sabata yachitatu ndi yachinayi

Masabata awiri apita m'madzi, ndipo cholakwa ndi changa. Pa webusaiti ina ndinapeza mndandanda wa makolo wopangidwa kale ndi munthu wina, wokhala ndi dzina lofanana ndendende ndi la a Wamigolo, wochokera ku Bavaria, sitima ndi tsiku lofikira zonse zilipo. Anthu ambiri anali atakopera zomwezo, ine n'kuganiza kuti unyinji ndi umboni. Ndinakopera nanenso. Ndinafika mpaka poyang'ana zithunzi za mudzi wa ku Bavaria uja n'kumauza bambo a kunyumba kuti kwanu ndi kokongola.

Chinanditsegula maso ndi mabuku a Williams, omwe chaka ndi chaka ankalemba mayina, ntchito ndi makeyala a anthu a mu Cincinnati. Chaka chimodzi chomwecho muli amuna awiri a dzina limeneli: wina wopanga migolo, wina telala, misewu yosiyana. Wa ku Bavaria uja ndi telala.

Vuto lili pa katchulidwe ka mayina. Pakati pa Ajeremani a nthawi imeneyo, anyamata a nyumba imodzi ankatha kubatizidwa onse ndi dzina loyamba lakuti Johann, ndipo atsikana Maria kapena Anna. Dzina loitanira pakhomo, lomwe iwo amati Rufname, kawirikawiri linali lachiwiri. Johann Heinrich anali Heinrich, ku America n'kukhala Henry. Mng'ono wake Johann Bernard anali Bernard, kenako Ben kapena Barney. Ukasaka "John" umapeza tauni yonse. Ndafufuta zonse za telala uja, ndipo lamulo ndadziikira: chomwe sindinaone chithunzi cha pepala lake lenileni sichilowa m'kope langa.

Sabata yachisanu

Ndimayembekezera kuti pepala la unzika linditchulira mudzi. Ayi ndithu. Chisanafike chaka cha 1906 munthu ankatha kupempha unzika ku khoti lina lililonse losunga kaundula, ndipo mapepala ambiri ankangonena kuti wakana kumvera mfumu yakutiyakuti. Mafomu atsatanetsatane, ofunsa mudzi ndi sitima, anabwera ndi lamulo la 1906.

Kuwonjezera apo, nyumba ya khoti ya Hamilton County, boma lomwe muli Cincinnati, inatenthedwa mu Malichi 1884 pa zipolowe za anthu okwiya ndi chigamulo chopepuka pa mlandu wakupha. Anthu oposa 50 anafa, ndipo mabuku a maukwati, a unzika ndi a chuma cha masiye anapsera momwemo. Ena anadzalembedwanso pambuyo pake kuchokera ku mapepala omwe anthu anasunga m'nyumba zawo. Pa olembedwanso amenewo a Wamigolo sindinawapeze.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Za sitima. Ochokera kumpoto chakumadzulo kwa Germany ambiri ankakwerera ku Bremerhaven, doko lomwe mzinda wa Bremen unakhazikitsa mu 1827. Sitima zinkabwera ndi fodya kuchokera ku doko la Baltimore ku America, pobwerera n'kunyamula anthu m'zipinda zapansi. Ulendo wa sitima yamatanga unkatenga mwezi ndi theka kapena iwiri. Akatsika ku Baltimore ankadutsa mapiri mpaka ku mtsinje wa Ohio, n'kutsetsereka nawo kufika ku Cincinnati.

Mindandanda ya okwera ku Bremen ikanatithandiza, koma kuyambira 1875 akuluakulu a kumeneko anayamba kuwononga yakale chifukwa chosowa posunga, ndipo yotsatira yambiri inapsa ndi mabomba mu 1944. Yomwe inapulumuka yochuluka ndi ya 1920 mpaka 1939. Ya ku Hamburg ilipo kuyambira 1850 mpaka 1934 ndipo imatchula kwawo kwa munthu, koma a Wamigolo anali atawoloka kale.

Ndatsala ndi mindandanda ya ofika ku Baltimore. Ndapeza mnyamata wa dzina lawo, zaka zake zikuyandikira, ntchito "mlimi", kochokera "Germany", kopita "Cincinnati". Akhoza kukhala iwo, akhoza kukhala wina. Ndalemba ndi pensulo. Chomwe ndachita n'kukopera mayina onse a pamwamba ndi pansi pake pa tsambalo, chifukwa anthu a mudzi umodzi ankayenda pagulu.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Loweruka tinapita ku Cincinnati kukaona pomwe ankakhala. Dera lake limatchedwa Over-the-Rhine: Ajeremani ankati ngalande ya Miami and Erie ndi mtsinje wa Rhine, ndipo ukaiwoloka wafika kwawo. Ngalandeyo lero ndi msewu wa Central Parkway. Keyala yomwe ndinali nayo inali ya Bremen Street, koma pa mapu a foni msewuwo sunkapezeka. Unasinthidwa dzina mu 1918, nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kukhala Republic Street. German Street inasanduka English Street. Chaka chotsatira boma la Ohio linaletsa kuphunzitsa Chijeremani m'makalasi a m'munsi, lamulo lomwe khoti lalikulu la America linadzalithetsa mu 1923.

Tili chiimire pa Republic Street, apongozi anati bambo awo sankadziwa Chijeremani kupatula mawu otukwanira ndi pemphero la pa chakudya. Mumzinda womwe unali ndi nyuzipepala za Chijeremani zotuluka tsiku ndi tsiku, chinenero chinatha m'banjamo pa m'badwo umodzi. Ndinayang'ana ana anga, omwe amati akamva "bwera kuno" amayankha m'Chingerezi, ndipo sindinanene kanthu.

Tinalowanso m'tchalitchi cha Old St. Mary's, chomwe Akatolika achijeremani anamanga mu 1841 ndi 1842. Migolo ya a Wamigolo inali ndi msika pafupi: mzindawu unkapha nkhumba zochuluka mpaka kupatsidwa dzina lakuti Porkopolis, ndipo nyama yamchere, mafuta a nkhumba ndi mowa zonse zinkayenda m'migolo.

Sabata yachisanu ndi chitatu mpaka yakhumi

Masabata atatu a kuphunzira kuwerenga. Kalata ya m'chitini ija inalembedwa m'kalembedwe kakale kotchedwa Kurrent. Ngakhale Ajeremani a lero ambiri sakatha, poti kanachotsedwa m'sukulu mu 1941. Chilembo e chimaoneka ngati n. Chilembo u n'chimodzimodzi ndi n kupatula kauta kakang'ono pamwamba pake. Pali s wamtali woimirira ngati mtengo ndi s wina wa kumapeto kwa mawu. Ndinasindikiza tchati cha zilembo n'kuchimata pa firiji, ndipo madzulo aliwonse ndimalemba dzina langa ndi la ana m'kalembedweko ngati mwana wa sitandade wani. Njira imeneyi yandithandiza kuposa kungoyang'ana: dzanja likazolowera, maso amatsatira.

Kalatayo ndi yochokera kwa mlongo wawo wotsala kumudzi. Akudandaula za mtengo wa rye (mbewu yonga tirigu), akutchula amene amwalira, akufunsa ngati ndalama zija zitumizidwe ndi munthu wobwerera. Pamwamba pomwe pakanakhala dzina la mudzi ndi pomwe pepala linang'ambika popinda. Ndinakhala kaye chete kwa kanthawi.

Mudzi ndaupeza kwina, ndipo osati pa pepala la a Wamigolo. Ndinatenga mabuku a ubatizo a parishi yawo ku Cincinnati, omwe ndinawaona kudzera pa webusaiti ya Findmypast, n'kulemba mboni za ubatizo za ana awo onse. Dzina la mayi mmodzi linabwera katatu. Munthu saimira ana atatu a nyumba imodzi ali mlendo. Ndinamutsata mayiyo, ndipo chilengezo cha maliro ake m'nyuzipepala ya Chijeremani ya ku Cincinnati ya Volksfreund chikumutchula ndi dzina la kwa makolo ake, lomwe ndi la a Wamigolo, n'kuwonjeza kuti anabadwira m'dera la Damme, ku Oldenburg. Buku la maukwati la parishi likupereka mayina a makolo ake, ndipo ndi omwewo alembedwa pa ukwati wa a Wamigolo. Ndi mlongo wawo wina.

Apa ndaphunzira kuti ukafuna mlendo funsa omwe anabwera naye. Kwathu tikafuna kudziwa kwawo kwa mtchona timafunsa amene ankamuphikira nsima pa maliro a mwana wake. Kuno n'chimodzimodzi, kungoti mbonizo zili m'buku la wansembe.

Sabata ya 11

Ndawerenga za Damme, ndipo zambiri zayamba kugwirizana. Ndi dera la Akatolika kumwera kwa Oldenburg, pafupi ndi Osnabrück. Mu 1817 malire anadulidwa pakati pa Oldenburg ndi Hanover kudutsa m'dera lomwelo: Damme ndi Neuenkirchen mbali ya Oldenburg, Vörden mbali ya Hanover. Ndiye mwana woyankha mlembi wa kalembera mu 1870 kuti "Hanover" sanaphonye patali.

Munda kumeneko sunkagawidwa. Unkapita kwa mwana mmodzi, ena onse n'kusaka kolowera. Ambiri ankasanduka Heuerleute: anthu okhala m'kanyumba ka mwini munda, olima kachigawo kobwereka, olipira ndi ndalama komanso ndi thukuta nthawi iliyonse yomwe mwini munda wawafuna. Amene anaonapo moyo wa matenanti pa esiteti ya fodya sangavutike kumvetsa. Kuti apeze ndalama, ankaluka nsalu za fulakesi m'nyumba, ndipo nyengo yotentha amuna ankayenda wapansi kupita ku Holland kukagwira ganyu yomweta udzu ndi kukumba dothi lakuda la m'madambo lomwe likauma amakolezera moto. Nsalu za m'mafakitale a ku England zitatsitsa mitengo, choluka pamanja chinasowa msika.

Njira ya ku Ohio inatsegulidwa ndi munthu wa komweko, Franz Joseph Stallo, yemwe mu 1832 anatsogolera anzake kukagula malo kumpoto kwa Cincinnati. Mudziwo unkatchedwa Stallostown. Iye anamwalira ndi kolera mu 1833, ndipo mu 1836 dzina linasintha kukhala Minster. Makalata opita kumudzi anakoka ena, enawo n'kukokanso ena. Mwana wa mbale wake, Johann Bernhard Stallo, anafika ku Cincinnati mu 1839 ali mnyamata, n'kudzakhala woweruza milandu ndiponso kazembe wa America ku Italy kuyambira 1885. A Wamigolo sanafike pamenepo, koma msewu anayenda ndi womwewo.

Ndabwereranso ku tsamba la sitima ya ku Baltimore lija. Mayina awiri a pansi pa mnyamata uja ndi ofala m'mabuku a ku Damme. Pensulo sindinaifufute, koma ndaidinda pang'ono.

Sabata ya 12 mpaka 14

Mabuku a parishi ya St. Viktor ku Damme ali pa Matricula, webusaiti yaulere ya mabuku a matchalitchi, ambiri a Akatolika. Palibe posakira dzina. Umatsegula tsamba ndi tsamba, Chilatini chosakanikirana ndi Chijeremani, inki ina yofufuma.

Ndinayenda zaka khumi za ubatizo kawiri konse osapeza mwana wa dzina la a Wamigolo wokhala ndi makolo oyenera. Kachitatu ndinasiya kuyang'ana dzina la bambo n'kumatsata la mayi. Ndipo apo! Ana asanu ndi awiri a mayi mmodzi, koma bambo walembedwa mitundu itatu. Pa mwana woyamba ali ndi dzina lomwe sindinalionepo. Pa wachiwiri ndi wachitatu dzina lomwelo latsatiridwa ndi mawu akuti "genannt", kutanthauza "wotchedwa", kenako dzina lathu lija. Kuyambira wachinayi, dzina lathu lokha.

Nkhani yake ndi iyi. M'dera limeneli, monganso m'dera loyandikana nalo la Westphalia, dzina linali la munda, osati la mwamuna. Mwana wamkazi akalandira munda, mwamuna womukwatira ankasamukira komweko n'kutenga dzina la mundawo, ndipo ana ankabadwira m'dzina limenelo. Bambo awo a a Wamigolo anali mkamwini. Ndinaseka ndekha pa kompyuta usiku mpaka bambo a kunyumba anadzuka kudzaona. Ndinawauza kuti inu amene mumadabwa ndi chikamwini cha kwathu, dzina la amayi anu lomwe mumanyadira lija linabwera ndi chikamwini. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu mkamwini amasiya kwawo koma mfunda wake amakhala nawo. Uyu anasiya zonse.

Lamlungu ndinawafotokozera apongozi, nditayamba ndi mbali yabwino: bambo awo sananame, dzina linasinthadi. Kungoti silinasinthidwe ndi mzungu wa pa doko, linasintha pa ukwati ku Damme, a Wamigolo asanabadwe n'komwe. Anakhala phee, kenako anafunsa kuti, "Ndiye dzina lenileni ndi liti?" Ndinawalembera onse awiri pa pepala. Analipinda n'kuliika m'buku la mapemphero lija.

Sabata ya 15

Sindinamalize, ndipo ndisadzinamize. Pa ana asanu ndi awiri aja, anyamata awiri ali ndi mayina onse awiri ofanana ndi a a Wamigolo, obadwa motalikirana zaka zitatu. Chizolowezi chinali chakuti mwana akamwalira ali wakhanda, wotsatira wake ankapatsidwa dzina lomwelo. Ngati zinali choncho, athu ndi wachiwiriyo. Koma chaka cholembedwa pa chiliza chawo ku Cincinnati chagwera pakati pa awiriwa, ndipo kakhadi kamaliro ka m'chitini kakutchula tsiku ndi mwezi zomwe zikugwirizana ndi woyamba.

Ndayamba buku la maliro la St. Viktor kusaka imfa ya mnyamata woyambayo. Wansembe wa zaka zimenezo ankalemba ana ang'ono mwachidule, nthawi zina "mwana wa uje" basi, ndiye ndikuyenda pang'onopang'ono, masamba khumi pa usiku. Ndikamupeza, nkhani yatha. Ndikapanda kumupeza, ndiye kuti onse awiri anakula, ndipo ndidzafunika kudziwa amene anatsala ndi amene anawoloka. Pa zimenezo ndiyang'ana mndandanda wa osamuka womwe bungwe lofufuza za makolo ku Oldenburg, la Oldenburgische Gesellschaft für Familienkunde, linasonkhanitsa, komanso ndalembera nyumba yosungira zolemba zakale ya boma ku Oldenburg kufunsa ngati pali chilolezo chotulukira m'dziko cha dzina limeneli. Anyamata ena ankachoka mozemba pothawa usilikali, ndiye kusapezeka kwa chilolezo sikudzatanthauza kanthu.

Za akazi awo a a Wamigolo sindinayambe n'komwe. Kalembera wa 1900 akuwasonyeza ali amasiye m'nyumba ya mwana wawo wamkazi, ndipo pa funso la ana omwe anabereka ndi omwe ali moyo, manambala akusiyana ndi anayi. Ine m'mabuku a ubatizo ndapeza awiri okha mwa anayi amenewo. Kolera inapha anthu masauzande ku Cincinnati mu 1849, ndipo buku la maliro la parishi la chaka chimenecho ndi lomwe ndikutsegula ndikangomaliza la ku Damme.